Kapu Yachitatu

Chimwalirireni bambo ake, Magi Nyirongo anali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ulipo, ukuuona, koma ukautsina sukumva kanthu. Ankadya chifukwa chakudya chaikidwa. Ankaseka chifukwa anzake aseka. Pamaliro penipenipo sanalire, moti ankhazi ake, mlongo wawo wa malemuwo, anachita kumutsina m'nthiti kuti agwetseko msozi poti anthu akuona. Ayi ndithu, maso anali gwa.

Bambo akewo, a Laws Nyirongo, anali opanga mafilimu. Musaseke, a pa Rumphi Boma anaseka kale mokwanira. Anthu m'mavidiyo sho ankafuna zibakera, mfuti ndi magalimoto ogubuduka, koma a Nyirongo ankawapatsa chitseko. Ee, chitseko. Kamera inkatha kuima pachitseko chotseka mpaka munthu kuyamba kuganiza kuti chimbale chafa, ndiye pamene wati uimirire uzipita, chitseko chija n'kuyamba kutseguka pang'onopang'ono. Anyamata ankati ndi mafilimu ogonetsera ana. Kusukulu Magi ankamutcha "mwana wa Akishoni" chifukwa cha mmene bambo ake ankakuwira akamajambula kuseri kwa msika, ndipo chifukwa cha manyazi iye sanaonerepo filimu yawo ngakhale imodzi mpaka kumapeto.

Anamwalira m'mawa wina ali patebulo, atangomwa tiyi, m'nyumba muli iwo ndi akazi awo basi. Kuchipatala anati ndi mtima. Ankhazi anangoti "hmm", ndipo "hmm" ameneyo aliyense anamumva, paja amayi ake a Magi, a Lois, anali mtengwa wochokera ku Dedza amene abale a mwamuna sanawalandirepo ndi manja awiri chibwerereni.

Pamaliro paja panali mnyamata wina wa jekete lobiriwira amene analira kuposa achibale, mpaka anthu kumakodolana kufunsana kuti ndi wa kwa yani. Anali Chawanangwa Msiska wa ku Mhuju, amene ankaperekeza alendo kukaona nyama ku Chelinda. Maliro atatha anabwera kunyumba kudzapepesa, n'kufunsa ngati zimbale za malemu zinatsalako. Anabweranso kudzafunsa zomwezo. Kenako anasiya kufunsa za zimbale, koma kubwera sanasiye.

Tsopano nkhani inali itafika poti Chawa akufuna kutumiza thenga, munthu wokafunsira mbeta, kwa a Nyirongo kuti za ukwati ziyambike. Magi anavomera monga mmene ankavomerera zonse masiku amenewo, mopanda phokoso. Koma chinthu chimodzi anachizindikira: Chawa akakhala pafupi, dzanzi lija linkachepako. Malo ofunda m'moyo wake anali amenewo okha, ndipo sankafuna kuwataya.

*

"Lero suthawa," anatero Chawa Loweruka lina masana, akutsegula laputopu pakhonde. "Uonera Kapu Yachitatu mpaka kumapeto."

"Ine ndagona kale usanayatse n'komwe."

"Gona. Bambo ako akudzutsa okha."

Filimuyo inayamba ndi mayi wachitsikana wa maso aakulu akutereka ketulo. Mwamuna wake anali panja akukonza njinga, uku akuimba mluzu. Zinkaoneka kuti awiriwa anali atakangana, poti sankayang'anana. Mayiyo anaika makapu atatu patebulo, n'kutuluka kukaanula zovala. Filimu inadumpha pang'ono, n'kumuonetsa akuitana mwamuna kuti tiyi wapsa. Panalibe nyimbo iliyonse, kunkangomveka ketulo ndi mluzu.

"Waona?" Chawa ananong'ona ngati ali m'tchalitchi. "Wina akanaika ng'oma apa, du du du, kutiuza kuti tiyambe kuopa. Iwo ayi. Akungokupatsa mluzuwo kuti uuzolowere."

Mwamuna anamwa tiyi wake choimirira, n'kubwerera kunjinga. Mluzu unayambiranso. Mayi anayamba kutsuka mbale m'beseni. Kenako, pakati penipeni pa nyimbo, mluzu unaduka. Kamera sinapite panja. Inangokhala pamanja a mayi uja, amene anaima m'madzi kanthawi, kenako n'kupitiriza kutsuka.

Magi anazindikira kuti wagwira m'mphepete mwa mpando ndi manja onse awiri. Anawachotsa msanga.

"Ndakuona," anatero Chawa akuseka. "Sanationetse mtembo. Sanationetse mankhwala. Komabe aliyense amatuluka akulumbira kuti mkazi ndiye wapha. Tawerenga tsopano. M'nyumbamo muli anthu awiri, makapu ndi atatu. Yachitatuyo ndi ya ndani? Palibe amene anafunsapo, Magi. Bambo ako sankaika chinthu pachabe."

"Ndiye anapha ndani?"

"Gawo lachiwiri silinatuluke." Anapukusa mutu. "Munthu ameneyu akanabadwira kwina, bwenzi pano ana akulemba mayeso za iye. Tsoka lake anabadwira pakati pa ife okonda zibakera."

Nthawi yomweyo a Lois anatuluka ndi thireyi ya zitumbuwa, kachala kawo kakang'ono kopindika, kamene anathyoka akusewera netibo ali mtsikana, kataima pakokha monga mwa nthawi zonse. Anaponya diso palaputopu, nkhope yawo osasintha.

"Zakale izo," anatero. "Idyani zisanazizire, a Msiska."

Atalowa, Chawa anabweza filimu m'mbuyo n'kuoneranso pamene mwamuna uja akuimba mluzu. Anabwezanso. Magi anaona kuti maso ake anyowa, koma sanafunse. Masiku amenewo sankafunsa kanthu.

*

Ku Chelinda netiweki imachita kusakidwa pamwamba pa kaphiri, choncho mauthenga a Chawa ankakhala chete masiku angapo, kenako n'kubwera pamodzi ngati mbuzi zotuluka m'khola.

"Ndafika. Nkhungu yake munthu sungaone phazi lako."

"Lero mbidzi zaima pamsewu, alendo kujambula mpaka mabatire kutha. Ine ndimangoganiza za iwe utagwira mpando uja."

"Ndawaimbira amama. Ndawauza za thenga."

"Afunsa kuti ndiwe mwana wa yani."

"Ndawauza."

"Tidzakambirana ndikatsika. Usadandaule."

Mtsikana wina akanaimba foni pompo, akanalira, akanafunsa kuti kodi amamawo anena chiyani. Magi anawerenga, n'kulemba kuti, "Chabwino." Anaika foni pawindo n'kupitiriza kusita malaya amene anali atawasita kale.

*

Amene anamutsegula m'maso anali Pamela, ndipo Pamela sanachite zimenezi chifukwa cha chifundo, ayi. Anali mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Mhuju, woimba kwaya, woyenda ngati pansi pali mazira. Aliyense ankadziwa kuti wakhala akudikira Chawa kuyambira ali kusekondale. Anakumana pamsika wa pa Boma, pamene amagulitsa tomato.

"Ii, asisi a Akishoni! Monire. Ndamva mukufuna kulowa kwa a Msiska. Mtima muli nawo, ndakugomerani."

"Yewo," anayankha Magi akusankha tomato.

"Filimu ya tiyi ija munaionera? Nanga si akuti amakuonetsani pakhonde." Pamela anamwetulira. "Mayi wotsuka mbale uja mwamudziwa? Ndi NyaHarawa. Amayi ake a Chawa. Woimba mluzuyo ndi adada ake."

Magi anaika tomato pansi.

"Aa, sanakuuzeni? Pepani chomene." Pamela anasendera pafupi, mawu ake atatsekemera. "Amamawo anali ndi tiyirumu pa Mhuju, yodzadza mpaka anthu kumwera panja. Bambo anu anabwera ndi kamera yawo, akuti ndi sewero chabe. Filimu itazungulira m'mavidiyo sho, anthu anayamba ndi nthabwala. 'Amama, mukapu yanga musaikemo zija.' Kenako anasiya nthabwala, anasiyanso kubwera. Ndiye amuna awo, a Msiska, anadzamwaliradi, chifuwa chinawatenga. Pamaliro a mwamuna wawo yemwe, azimayi anakana kudya chilichonse chimene iwo anakhudza. Ku Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, anawachotsa pagulu lophika. Mpaka lero ana akawaona amati NyaTiyi akubwera."

"Koma inali filimu."

"Kawauzeni a ku Mhuju zimenezo." Pamela anakonza chikwama paphewa. "Ine ndi amene ndimawayendera, asisi. Ndimawatungira madzi, ndimawaperekeza kuchipatala. Inu mubwera ndi chiyani? Dzina la Nyirongo?"

Magi anafika kunyumba asanazindikire kuti tomato wamusiya pamsika.

*

Chawa anaimba mawa lake. Mphepo ya pakaphiri inkamveka kuposa mawu ake.

"Bwanji sunandiuze?" anafunsa Magi. Sanakweze mawu. Anafunsa ngati akufunsa ngati minibasi yadzadza.

"Ndinkaopa kuti undithawa."

"Ndiye unandikhazika pakhonde kundionetsa amayi ako ngati munthu wachilendo?"

"Magi, tamvera. Mufilimu muja ndi mokhamo mmene adada amayenda, amaimba mluzu. Ndinayamba kuionera mobisa ndili mwana kuti ndiziwaona iwo. Ndinkadana ndi bambo ako koopsa. Koma ukaonera chinthu kambirimbiri umayamba kuona mmene anachipangira. Tsiku lina ndinangozindikira kuti anthu a ku Mhuju sanali opusa kwenikweni. Munthuyo anajambula bwino mopitirira, mpaka iwo kuiwala kuti akuonera. Ndinasowa chochita nacho chidani chija."

"Amama akuti bwanji?"



"Akuti mwana wa Nyirongo sadzaponda pakhomo pawo. Adada aang'ono akuti iwo akhoza kutumiza thenga ngakhale mawa, amamawo alole asalole. Koma ine sindingatero. Anthu onse akhala akuwachitira zinthu osawafunsa. Ine ndisakhale wina."

"Ndiye zatha?"

"Sindinatero."

"Ndipita ndikaonane nawo."

"Iwe! Thenga asanapite? Anthu adzati chiyani?"

Foni inaduka. Zoonadi, mtsikana sapita yekha kwa amayi a mnyamata nkhani isanalowe m'manja mwa akuluakulu, ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa zimenezo. Koma munthu wadzanzi ali ndi mwayi umodzi, manyazi sawamva. Magi anavala chitenje chabwino n'kukakwera minibasi.

*

Anadutsa pa Njakwa dzuwa litakwera, n'kulowa m'chigwa mmene zigafa za fodya zinali mbali zonse za msewu. Pa Mhuju anafunsa kwa NyaHarawa, ndipo wogulitsa nthochi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi asanaloze.

Nyumbayo inali kuseri kwa mashopu. Chipinda chakutsogolo chinali ndi mabenchi ounjikidwa pakona, ndipo pakhoma panatsala chithunzi chofufutika cha ketulo. Mayi amene anatuluka anali wonenepa pang'ono, waimvi m'mbali mwa duku, koma maso anali omwe aja.

"Nkhope ndi ya bambo ako," anatero m'Chichewa, atamva Chitumbuka cha Magi chikupunthwa pamoni pomwe. "Khala pansi, mwana wa Nyirongo. Sindithamangitsa munthu dzuwa lili chonchi."

Analowa kukhitchini. Magi anamva ketulo ikuterekedwa. Patapita nthawi NyaHarawa anatuluka ndi kapu imodzi yokha, n'kuiika patsogolo pake. Iwo anakhala moyang'anizana naye, manja atapinda pachifuwa.

Magi anali ndi ludzu. Anati yewo, ananyamula kapu, anauzira pang'ono n'kumwa. Tiyiyo anali wa mkaka, wothira tsamba la mandimu, wabwino kuposa aliyense amene anamwapo. Anamwa mpaka kapu kuuma.

Atakweza maso anapeza mayiyo akumuyang'anitsitsa.

"Wamwa," anatero NyaHarawa.

"Ndalakwitsa, amama?"

"Kupatula ana anga, palibe amene wamwa tiyi wanga chitsekereni tiyirumu iyi. Abusa akabwera amati angodya kumene. Pamela amanditungira madzi, inde, koma akuti tiyi amamupatsa chilungulira." Anaseka kuseka kouma. "Iwe ndiwe wolimba mtima kapena ndiwe wogona?"

"Sindikudziwa, amama. Chimwalirireni bambo sindimva kanthu."



"Chimenecho ndikuchidziwa," anatero NyaHarawa. "Tamvera tsono. Bambo ako anandiuza poyamba pomwe kuti wakupha si ine. Anati gawo lachiwiri lidzaonetsa munthu amene analowa ine nditapita kukaanula zovala. Mbali yanga ndinasewera, ndinamaliza. Mbali ya munthu winayo anati akajambulira ku Boma. Zinthu zitavuta ndinapita kwanu, ndinagwada pakhonde lanu lija. Ndinati a Nyirongo, tulutsani, anthu aone. Anangoti silinapse. Mwamuna wanga atamwalira ndinapitanso. Anandiuza kuti linawonongeka, koma sanandiyang'ane m'maso."

 Magi ankayesa kuona bambo ake akunena bodza, koma chithunzicho sichinkabwera.

"Ine ndi iwe tilibe mlandu," anapitiriza NyaHarawa. "Koma sindingavine paukwati wa mwana wanga anthu akuloza kuti taonani, NyaTiyi wagwirizana ndi amene anamuulula. Ngati gawo lachiwirilo lilipo, libweretse. Tidzalionetsa pabwalo la msika, aliyense aone nkhope ya wakuphayo. Tsiku lomwelo thenga ndidzamuperekeza ndekha mpaka pasiteji. Ngati palibe, Chawa umusiye. Pamela ndi wabodza, koma dzina lake silindiwawa."

*

Katundu wa malemu anali m'kachipinda kosungiramo zinthu, ndipo palibe amene anamukhudza chichitikireni maliro. Magi anagwira ntchito m'mawa wonse, akutulutsa mawaya, matepi, mabatire otupa ndi wigi imodzi yodyedwa ndi makoswe. A Lois anabwera kudzaima pakhomo.

"Ukufuna chiyani mmenemo?"

"Gawo lachiwiri la Kapu Yachitatu."

"Bambo ako anati linawonongeka."

"Inu munaliona likuwonongeka?"

A Lois anapukuta manja pachitenje ngakhale anali ouma.

"Zimenezo zisiye, mwanawe. Anyamata alipo ambiri."

"Kwa ine alipo mmodzi, amayi."

Anali mawu ofunda oyamba amene Magi anayankhula chichitikireni maliro, ndipo onse awiri anadabwa nawo. A Lois anabwerera kukhitchini.

Chimbalecho anachipeza m'thumba lam'kati la chikwama cha kamera, chokulungidwa m'mpango wa m'manja, chopanda ndi kachikanda komwe. Munthu amene anachikulunga chomwecho sankafuna kuti chiwonongeke. Magi anachijambula n'kutumiza chithunzi kwa Chawa. Mwa tsoka, tsiku limenelo mnyamatayo anali pakaphiri ka netiweki.

"WACHIPEZA?? Usaonere wekha, chonde, undidikire. Ndikutsika mawa ndi galimoto ya katundu."

"Ndawauza amama. Akulira. Akuti Loweruka likubwerali."

"Magi ndikukukonda, wamva?"

Magi analemba kuti, "Ndamva." Kenako anawonjezera, "Inenso."

*

Chawa anafika fumbi la msewu wa Bolero lili m'nsidze momwe. Sanafune ngakhale madzi osamba m'manja. Anakhala pabalaza, anatseka makatani chifukwa cha dzuwa, n'kulowetsa chimbale mwachangu ngati mwana wolandira mphatso. A Lois anali kukhitchini.

Filimu inabwerera m'mawa womwe uja. Ketulo, mluzu, makapu atatu. NyaHarawa wachitsikana anatuluka kukaanula zovala. Koma ulendo uno filimu sinadumphe. Kamera inatembenuka n'kuima pachitseko chakumbuyo.

"Taona, taona," Chawa ananong'ona. "Chitseko chawo chija. Sachedwetsa pachabe. Akufuna uyambe kupempha wekha kuti chitseguke, kuti chikatseguka nawenso ukhale ndi mlandu."

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Panaoneka mapazi a mzimayi, opanda nsapato, nsapatozo zili m'manja. Kamera sinakwere kunkhope. Inatsatira manja mpaka patebulo. Manjawo anamasula kapepala kopindidwa, anathira ufa woyera mukapu yoyamba, anatakasa ndi supuni osaigunditsa m'mbali. Kenako anadzithirira tiyi mukapu yachitatu, ngati mlendo wozolowera pakhomopo.

"Ndinadziwa!" Chawa anamenya ntchafu yake. "Mlendo anali woitanidwa! Zaka zonsezi ndakhala ndikunena! Aa, a Nyirongo inu, a Nyirongo!"

Magi sankamumva. Ankayang'ana dzanja limene linanyamula kapu. Kachala kakang'ono kanali kopindika, kataima pakokha.

Kamera inatsatira kapuyo m'mwamba, mpaka pamilomo, mpaka m'maso. A Lois, ali ndi zaka zawo zabwino, anamwa pang'ono, anamvetsera mluzu wa panja, n'kumwetulira. Abale inu, kumwetulira kwake kunali kwabwino koopsa. Munthu sakanakhulupirira kuti mayi ameneyu sanapheko munthu.

Chawa anaimitsa filimu. Chisangalalo chija chinachoka pankhope pake pang'onopang'ono.

"Magi," anatero. "Ayi. Ayi, ayi."

"Bambo anaona zimene zinachitika ku Mhuju," anatero Magi ndi mawu ake aja opanda mchere. "Ndiye anasankha kuteteza amayi."

"Ndi filimu chabe. Tidzawafotokozera anthu. Tidzati..."

"Amayi ako sanawafotokozere?"

Chawa anagwira mutu. Foni ya Magi inalira patebulo. Unali uthenga wa Pamela, ndipo pansi pake panali chithunzi cha pepala lomatidwa pamtengo wa pamsika wa Mhuju, loitana anthu onse kudzaona wakupha weniweni Loweruka.

"Asisi, zafala mpaka pa Boma. Ndakumana ndi ankhazi anu kuchipatala ndawauza. Akuti abwera ndi abale onse kudzaona ntchito yotsala ya mlongo wawo. Ndawasungira benchi yakutsogolo."

Magi anamupatsa Chawa foniyo. M'maganizo mwake anaona ankhazi ake ali pabenchi yakutsogolo, anthu a msika wonse kumbuyo kwawo, nkhope iyi ili pansalu yoyera ikumwetulira. Mtengwa wa ku Dedza, amene mwamuna wake anafera patebulo atangomwa tiyi, m'nyumba muli awiriwiri. Sipakanafunika munthu wofotokozera.

"Tikapanda kuonetsa Loweruka," anatero Chawa pang'onopang'ono, "a ku Mhuju adzati amama ananama, gawo lachiwiri kulibe. Zidzaposa kale."

"Ndikudziwa."

"Ndiye titani?"

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. A Lois analowa ndi thireyi, n'kuiika pakati pawo. Panali makapu atatu. Anayang'ana nkhope yawo yachitsikana imene inaima palaputopu ikumwetulirabe, ndipo sanadabwe. Anathira tiyi, anatakasa shuga, n'kukankhira kapu imodzi kwa mwana wawo.

"Imwa, angazizire."

Magi anatambasula dzanja. Linafika pafupi ndi kapu, n'kuima. Sikuti anaganiza kanthu, ayi. Ankadziwa kuti ndi sewero, ankadziwa kuti achipatala anati ndi mtima, ankadziwa kuti awa ndi amayi ake amene anamubereka kumbuyo. Ku Mhuju anamwa tiyi wa mayi wachilendo mpaka kapu kuuma. Koma apa dzanja linaima lokha, kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso, ndipo a Lois analiona.

Sanakalipe. Anaitenga kapu ija, anamwa pamaso pake pang'onopang'ono mpaka theka, n'kuibwezera pamalo pake.

Pamenepo dzanzi lija linachoka, lonse nthawi imodzi, ndipo chimene chinabwera m'malo mwake chinali chowawa moti Magi analakalaka likanabwerera. Misozi imene ankhazi anaifuna pamaliro inatsika tsopano, yotentha, yosaletseka. Anagwada pansi n'kugwira chitenje cha amayi ake.

"Amayi, sindinatanthauze..."

"Ndikudziwa, mwanangu," anatero a Lois. "Nawonso a ku Mhuju poyamba sankatanthauza." Anatembenukira kwa Chawa, amene kapu yake inali isanakhudzidwe. "Ndiye mwati muionetsa Loweruka, a Msiska? Ndiuzeni, ndidziwiretu."